Ntchito imene Mulungu anakupatsani ili ndi dzina komanso khomo lake

Amayi anzanga, pali funso limene ambiri mumadzifunsa ana akakula n'kuchoka pakhomo, kapena bizinesi ya tomato ikangokwanira ndiwo za tsiku limenelo: kodi ine Mulungu anandilengera chiyani? Simulifunsa pamsonkhano wa bungwe, poopa kuti anzanu angati chikhulupiriro chazirala. Atsikana amene timawaphunzitsa unamwino ndi uzamba nawonso ali nalo funso lomweli. Ena amabwera chifukwa ntchitoyi ili ndi malipiro, ena akulota zopita ku Britain. Ine sindiwadzudzula, pakuti kwawo kuli abale oyembekezera fizi. Koma pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndaona kuti amene amalimba nayo ndi uja amene tsiku lina anakumana ndi vuto la munthu wina, n'kulephera kulifulatira.

Chipatala cha St John's, chimene ambiri a inu a ku Kaning'ina munachirirako, chinayamba choncho. Anachitsegula mu 1962 ndi asisiteri a Medical Missionaries of Mary, nthawi ya Ambuye Jean-Louis Jobidon, episkopi woyamba wa dayosizi yathu ya Mzuzu. Amene anayambitsa chipani cha asisiteriwa ndi Mayi Mary Martin a ku Ireland, obadwa mu 1892. Anasamalira asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kenako anaphunzira uzamba ku Dublin. Mu 1921 anapita ku Calabar, m'dziko la Nigeria, ndi mtima wothandiza odwala, koma atafika anawapatsa sukulu kuti aziyang'anira. Kumeneko anaona amayi ndi makanda akufa pa zifukwa zopeweka, ndipo anatsimikiza kuti pakufunika asisiteri odziwa zachipatala.

Vuto linali lakuti malamulo a Mpingo nthawi imeneyo sankalola asisiteri kugwira ntchito ya uzamba kapena kuchita opaleshoni. Mayi Martin analowa unovisi m'chipani china, koma anatuluka poona kuti si kumene ankaitanidwa. Anadwaladwala zaka zambiri. Roma anasintha lamulo lija mu 1936, ndipo mu Epulo 1937 mayiwa anachita malumbiro awo ali gone pabedi la chipatala ku Port Harcourt, akudwala kwambiri, ali ndi zaka 44. Werengani nokha: kuchoka 1921 kufika 1937 ndi zaka 16 za kudikira. Inu amene mumati mwachedwa, mayi ameneyu anayamba pa msinkhu wanu womwewo, thupi lili lofooka. Njira inkasinthasintha, koma iwo ankadziwa amene akumufunafuna: mayi woyembekezera amene alibe womuthandiza.

Asisiteriwa amakonda kwambiri nkhani ya Maria pokacheza kwa Elizabeti, imene timaikumbukira pa 31 Meyi. Ngati mzamba, chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi chakuti Elizabeti anali wachikulire, mimba yake yoyamba, ya miyezi isanu ndi umodzi. Lero tikanamulemba m'gulu la amayi ofunika kuwayang'anira mwapadera. Maria anakhala naye pafupifupi miyezi itatu, ndipo tonse tikudziwa zimene mayi amachita akakhala kwa mbale wake wotopa: kutunga madzi, kuphika, kuchapa, kugona khutu lili tcheru.

Elizabeti wotere alipo mumphakati mwanu. Kafukufuku wa boma anaonetsa kuti mu 2004 amayi 984 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Mu 2010 chiwerengero chinatsika kufika 675, ndipo mu 2015 mpaka 2016 chinali 439. Kutsikaku n'kosangalatsa, komabe amayi akutisiyabe, ndipo kawirikawiri imfa imayambira kunyumba, pa kuchedwa. Mayi akutaya magazi, banja likudikira bambo abwere kuchokera ku ganyu kuti alamule. Mutu ukumuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zatupa, wina n'kumati ndi mmene mimba imakhalira, pamene ndi kuthamanga kwa magazi kumene kungamukomole usiku womwewo. Madzi atuluka nthawi isanakwane, kapena mwana wasiya kusewera m'mimba, koma palibe ndalama ya njinga. (Kuno ku Mzuzu njinga za kabaza timazitcha sakaramento, pa usiku wotere dzinali limakhala loyenera ndithu.) Ife azamba timayamba ntchito mayi akafika pakhomo la chipatala. Za kumbuyo konseko zili m'manja mwa amene amakhala naye pafupi.

Choncho pamsonkhano wotsatira, mukatha kuwerenga zopereka, tchulani mayina. Ndani ali woyembekezera m'dera lanu, kaya ndi wa mpingo wathu kaya ayi? Aliyense akhale ndi mayi mmodzi wa bungwe womuyendera. Muone ngati anayamba sikelo miyezi itatu yoyamba isanathe, pakuti masiku ano timalangiza kuti aonedwe kasanu ndi katatu asanachire. Mufunse ngati akumwa mapiritsi oonjezera magazi ndi oteteza malungo, ngati akugona m'masikito, ngati ndalama ya ulendo yasungidwa padera, ndiponso amene adzamudikirire kuchipatala ndi amene adzatsale ndi ana. Mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda muwaletse mosanyengerera. Ndaona chiberekero chitang'ambika chifukwa cha iwo.

Amene ndimamudera nkhawa koposa ndi mtsikana wa sukulu amene watenga mimba. Amaibisa ndi nsalu, amaleka kubwera kutchalitchi, sikelo amayamba mochedwa poopa maso athu. Thupi lake silinakhwime, ndipo ndi iye amene matenda amamutalikira mpaka kuvulala njira ya mkodzo. Pa iyeyu musatume amayi olankhulalankhula. Tumani uja wofatsa amene amakhala kumbuyo pamsonkhano n'kumadziona ngati alibe mphatso iliyonse. Apite Loweruka masana, atenge kasopo ndi kachitenje, ndipo ulendo woyamba asafunse kuti mwini mimba ndani.