Kodi mumadziwa? Matenda ena a khunyu amayamba mwana asanabadwe

Kodi mumadziwa kuti maselo a ubongo amayenda ulendo? Mwana akadali m'mimba, maselowa amapangidwa mkatikati mwa ubongo, kenako amakwawa kupita chakunja, komwe amakasanjikizana m'magawo 6. Zambiri mwa izi zimachitika mimba ili ndi miyezi itatu mpaka isanu. Maselo ena amasochera, ena amaima panjira, ndipo malo amene aunjikanawo amatha kusokoneza mphamvu yamagetsi ya mu ubongo. Munthu amayamba kugwa.

Mu 1971, dokotala David Taylor ndi anzake ku England anafotokoza za odwala khunyu 10 omwe anachitidwa opaleshoni. M'tizidutswa ta ubongo tomwe anawachotsa munapezeka maselo akuluakulu modabwitsa, osasanjika bwino. Vutoli limatchedwa focal cortical dysplasia, ndipo ndi limene limapezeka kwambiri mwa ana ochitidwa opaleshoni chifukwa cha khunyu yosamva mankhwala. Kachigawo ka ubongo komwe kali ndi vutoli kakachotsedwa konse, ambiri amasiyiratu kugwa.

Nthawi zambiri cholakwikacho sichichokera kwa bambo kapena mayi. Chimachitika mu DNA ya maselo ochepa chabe pamene ubongo ukupangika, moti m'magazi a makolo simupezeka kanthu. Akuchimuna ndi akuchikazi akamalozana zala, amakhala akungodana pachabe.

Nanga mumadziwa kuti vuto lobadwa nalo limatha kubisala? Ena amakula bwinobwino, n'kudzagwa koyamba ali ku sekondale.

Ana ena amabadwa ndi ubongo wosalala, wopanda makwinya ake aja, ndipo ambiri mwa iwo amayamba kukomoka asanakwanitse chaka. Ku Brazil mu 2015, kachilombo ka Zika kanachititsa kuti ana ambiri abadwe ndi mitu yaing'ono, ndipo ambiri anadzadwalanso khunyu.

Khungu nalo limaulula. Khanda la timawanga toyera lomwe limadzidzimuka mobwerezabwereza, kugwetsa mutu ndi kupinda manja, lionedwe msanga kuchipatala. Mwina ndi tuberous sclerosis, matenda omwe Désiré-Magloire Bourneville wa ku France anawafotokoza mu 1880. Mankhwala ena ochepetsa kugwa pa matendawa, everolimus, gwero lake ndi bakiteriya wa m'dothi la pachilumba cha Rapa Nui.

Zolakwika zing'onozing'ono za mu ubongo sizioneka pa X-ray wamba, zimafuna makina a MRI. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre makina otere anafika mu 2008, ndipo chomwe anadzera chinali kafukufuku wa malungo a mu ubongo, omwenso amasiyira ana ambiri kuno kwathu matenda a khunyu.