Ululu wa Njoka ndi Kaundula wa Chipatala ku Kafue

Tauni ya Kafue, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa Lusaka, inamangidwa kumapeto kwa dambo lalikulu limene mtsinje wa Kafue umasefukiramo chaka ndi chaka, ndipo asodzi, abusa a ng'ombe ndi alimi a m'mphepete mwa madziwo amakumana ndi mavuto awiri amene ofufuza zaumoyo amawalemba pamndandanda umodzi, omwe ndi likodzo ndi kulumidwa ndi njoka. Ululu wa njoka suli wopatsirana, komabe mu 2017 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linauika m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha, chifukwa umagwira anthu omwewo amene likodzo limagwira, osauka oyenda opanda nsapato ndi okhala kutali ndi chipatala. Bungweli limawerengera kuti padziko lonse anthu 81,000 mpaka 138,000 amafa nawo chaka chilichonse, ndipo mu 2019 linalengeza cholinga chochepetsa imfa ndi kulumala kotere ndi theka pofika 2030.

Ululu suli wamtundu umodzi. Wa mphiri, njoka yaulesi imene sithawa munthu akamayandikira, umawononga mnofu, kotero kuti mwendo umatupa, kutuluka matuza ndi kuyamba kuwola. Wa mamba umafoola mitsempha, zikope zimagwa, malovu amakanika kumezeka, ndipo pamapeto pake munthu amalephera kupuma. Pabala la mphiri ndi pamene ntchito ya wofufuza za njoka imakumanirana ndi ya wofufuza za tizilombo, pakuti mnofu wakufa ndi chakudya cha tizilombo toyambitsa mafinya ndi kafumbata, makamaka ngati balalo latemedwa mphini ndi lumo lakale n'kupakidwa phulusa la mizu.

Mankhwala opha ululu amapangidwabe mwa njira imene Albert Calmette anaiyamba m'zaka za m'ma 1890: hatchi imabayidwa ululu pang'onopang'ono mpaka magazi ake atapanga chitetezo, ndipo chitetezocho chimasefedwa n'kuikidwa m'timabotolo. N'chifukwa chake mankhwala opangidwa ndi ululu wa njoka za ku India sangadaliridwe pa mphiri ya ku Kafue, ngakhale atakhala otsika mtengo chotani. Mankhwala a Fav-Afrique, amene ankathandiza pa njoka zambiri za mu Africa, kampani ya Sanofi Pasteur inasiya kuwapanga, ndipo otsala anatha mphamvu mu 2016. Komanso mankhwala otere nthawi zina thupi limawakana moopsa, choncho amaperekedwa kuchipatala kokha, kumene wodwala angayang'aniridwe.

Chovuta kwambiri pa kafukufuku wa kulumidwa ndi njoka, ngakhale sichimveka chapamwamba, ndi kuwerenga anthu. Malungo amaoneka poyeza kadontho ka magazi ndipo likodzo limaoneka mumkodzo, koma msodzi wolumidwa pamsasa wa pakati pa dambo, amene wathamangira kwa sing'anga kapena wafera m'bwato, salembedwa m'kaundula aliyense. Popeza ogula mankhwala amatsatira kaundulayo, chiwerengero chikachepa mankhwalanso amabwera ochepa, ndipo anthu akamva kuti kuchipatala kulibe mankhwala amaleka kupitako, motero chiwerengerocho chimatsikiratsikira. Ofufuza amadula chingwe chimenechi poyenda khomo ndi khomo, kufunsa achibale mmene malemu anafera, ndi kucheza ndi asing'anga m'malo mowanyoza. Luso lotere dziko la Zambia lili nalo kale, pakuti likulu lofufuza matenda la Tropical Diseases Research Centre linayamba kugwira ntchito ku Ndola mu 1975.

Wolumidwa asamangidwe chingwe, asatemedwe, ndiponso asathamange. Chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, mphete ndi zibangili zivulidwe kutupa kusanayambe, ndipo anyamulidwe msanga kupita ku Kafue General Hospital kapena kuchipatala chapafupi. Ngakhale amene wachirira kumudzi akadzionetse kwa azaumoyo kuti alembedwe m'kaundula.