Mankhwala Azitsamba Amayesedwa Bwanji pa Mbewa?

Wogulitsa akakuuzani kuti mankhwala ake "anayesedwa ndi asayansi", mufunseni kuti anayesedwa pa yani. Kawirikawiri yankho limakhala mbewa za mu labotale. Nayi njira imene chitsamba chimadutsa pofuna kuona ngati chingathandize matenda ovutika maganizo.

Poyamba akatswiri a zomera amatsimikiza dzina la mtengowo n'kusungako kanthambi kouma ngati umboni. Kuno kwathu ntchito yotere ndi ya National Herbarium ku Zomba. Kenako masamba kapena makungwa amayanikidwa, kusinjidwa ndi kuviikidwa m'madzi kapena mu ethanol kuti mphamvu yake ituluke.

Mbewa isanakhudzidwe, komiti yoyang'anira kafukufuku iyenera kuvomereza. Imatsata mfundo zitatu zimene asayansi Russell ndi Burch analemba mu 1959: kusiya nyama ngati pali njira ina, kutenga zochepa, ndi kuchepetsa ululu.

Ofufuza akaona kuti chitsambacho si poizoni, amagawa mbewa m'magulu. Zina zimamwa madzi chabe, zina mankhwala odziwika kale monga imipramine, zinazo chitsamba pa milingo yosiyana. Ndiye pamabwera mayeso amene Roger Porsolt anayambitsa mu 1977. Mbewa imaikidwa m'mtsuko wagalasi wa madzi kwa mphindi 6. Imapalasa, imakanda m'mbali kufuna potulukira, kenako imangoyandama phee, kamphuno kokha kali pamwamba. Wofufuza amawerenga nthawi imene yakhala chete, pakuti mankhwala ambiri a matendawa amaifupikitsa. Koma nayo caffeine imatakasa mbewa, choncho amaiyendetsanso m'bokosi lolembedwa mizere kuti aone ngati chitsambacho sichikungoipatsa phuma.

Mbewa siinena zakukhosi, ndipo asayansi ambiri masiku ano amakayikira ngati kuyandamako kukufanana ndi kuvutika maganizo kwa munthu. Zotsatira zabwino zimangotsegula khomo la kuyesa pa anthu ovomera mwa kufuna kwawo.

Ngakhale chitsamba chopambana chili ndi zovuta zake. St John's wort wa ku Ulaya anaoneka kuti amathandiza amene matendawa sanawafike poipa, komabe amafooketsa mapiritsi olera ndi ma ARV ena.

Choncho musanagule, funsani ngati mankhwalawo anayesedwa pa anthu komanso ngati bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority linawavomereza. Ngati mtima walemera kwa masabata angapo, pitani kuchipatala, ndipo mukauze adokotala zitsamba zonse zimene mukumwa.