Njira Yophunzitsira ndi Chipinda Chake: Nkhani Imene Yagawa Aphunzitsi ku Naperi

Munthu akaima ku Naperi m'mamawa, nkhungu isanachoke pa phiri la Soche, amaona ana a sukulu ali piringupiringu m'njira zonse, ena kulowera ku Zingwangwa, ena ku Chitawira, ena m'sukulu za ku Naperi komweko. Ana amenewa akalowa m'kalasi, aphunzitsi awo amakumana ndi funso limene lawagawa pawiri kwa zaka zambiri: kodi mwana aphunzitsidwe motani kuti adziwedi kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera?

Mbali Ziwiri za Mtsutso

Mbali yoyamba ndi ya iwo amene amakhulupirira njira yakale, imene inadza ndi sukulu za mishoni monga za mishoni ya Blantyre yokhazikitsidwa mu 1876. Mphunzitsi aima pa bolodi, choko m'manja, ana akhala m'mizere nabwereza pamodzi zimene wanena kufikira ataziloweza. Iwo amati njira imeneyi isunga mwambo m'kalasi, ndipo ndi imene inaphunzitsa akuluakulu ambiri amene agwira ntchito za Boma.

Mbali yachiwiri imayankha kuti mwana angathe kuimba mawu onse a pa bolodi pamodzi ndi anzake, koma atapatsidwa buku payekha osazindikira ngakhale lembo limodzi. Maganizo amenewa ndiwo anapambana mu 2007, pamene Unduna wa Maphunziro unayamba kugwiritsa ntchito silabasi yatsopano ya pulayimale yotchedwa PCAR, yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Silabasi imeneyi inafuna kuti ana azigwira ntchito m'magulu, azifunsa mafunso, ndiponso kuti mphunzitsi aziyesa mwana aliyense nthawi ndi nthawi osadikira mayeso a kumapeto.

Chimene Chinaiwalika

Komatu njira yophunzitsira siiyenda yokha, iyenda m'chipinda. Pamene Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chimenechi chinali chinthu chokoma, pakuti mwana wa mmphawi analowa m'kalasi. Koma midadada sinamangidwe pa liwiro lomwelo, ndipo aphunzitsi zikwi zambiri analembedwa ntchito asanapite ku koleji. Muyeso umene Unduna unaika ndi wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma m'sukulu za mumzinda wa Blantyre si chachilendo kupeza ana opitirira 100 mu Sitandade 1.

Masamu ake ndi osavuta. Phunziro likakhala la mphindi 30 ndipo ana ali 120, mwana aliyense alandira masekondi 15 okha, ngakhale mphunzitsi atapanda kulemba kanthu pa bolodi. Ndiponso magulu afuna malo: ana ayang'anizane, ndipo mphunzitsi apeze podutsa kuti afike kwa amene ali kumbuyo. Pamene ana akhala pansi mothithikana kuyambira pa bolodi mpaka pa khomo, mphunzitsi wachangu amene anaphunzira njira yatsopano ku koleji amabwerera ku njira yoloweza, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa chipinda chamkaniza.

Njira ya Pakati

Mu 2016 Boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga mu Sitandade 1 mpaka 4, ndipo ndondomekoyo inatenga kanthu ku mbali zonse ziwiri. Mphunzitsi ayamba yekha kutchula liwu la lembo, kenaka atchula pamodzi ndi ana, ndipo pomaliza ana atchula okha, awiriawiri kapena mmodzimmodzi. Ubwino wake ndi wakuti itheka ngakhale m'kalasi yodzaza. Choipa chake ndi chakuti gawo lomalizalo, limene lionetsa ngati mwana wamvadi, ndilo limafupikitsidwa nthawi ikachepa.

Ena aika chiyembekezo pa matabuleti, amene anayesedwa koyamba ku Lilongwe mu 2013, ndipo kuyambira 2023 Boma linayamba kuwafalitsa m'sukulu za pulayimale pansi pa ndondomeko ya BEFIT. Mwana avala zomvera m'makutu naphunzira pa liwiro lake. Koma nawonso matabuleti afuna magetsi a dzuwa, denga losadontha ndi khomo lokhomeka bwino.

Chipinda Choyenera

Chotero funso la njira lisanduka funso la mmisiri womanga. Kalasi yokhala ndi timabowo ta njerwa m'malo mwa mazenera imachita mdima, ndipo mwana wakumbuyo saona pa bolodi. Malata opanda siling'i amaotcha mu Okutobala, ndipo mvula ikagwa mawu a mphunzitsi samveka. Madesiki olemera a ana awiriawiri sasunthika msanga pofuna kupanga magulu. Chipinda chopanda loko sichisunga matchati, ngakhale zitsekerero za mabotolo ndi njere zimene aphunzitsi atolera zowerengetsera.

Anthu a kuzungulira phiri la Soche anaphunziranso china mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kutsikira ku Chilobwe ndi ku Manja. Makalasi ndiwo anasanduka pothawira pa mabanja amene nyumba zawo zinakokoloka, ndipo maphunziro anaima kwa masabata. Mdadada wa sukulu uyenera kukhala wolimba ndi wa ngalande zabwino, pakuti uli ndi ntchito yoposa imodzi.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Mwana amene atuluka mu Sitandade 2 asanadziwe kuwerenga amavutika m'makalasi onse otsatira, ndipo ambiri otere amabwereza kapena kuleka sukulu. Nchifukwa chake okonza silabasi ku Domasi, akuluakulu a zomangamanga ku Unduna, a Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre ndi makomiti a sukulu ayenera kukhalira pamodzi pulani ya mdadada isanajambulidwe, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 1 afunsidwe poyamba. Iye ndiye adziwa kuti mwana wakhala pati ndipo akuona chiyani.