Masewera oyenda ngati bilimankhwe amene anandinjenjemeretsa miyendo

Tsiku loyamba kuyesa tai chi, mng'ono wanga anandipeza kuseri kwa nyumba, mawondo ali chopinda, manja akuyenda m'malere pang'onopang'ono. Anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Achimwene, mutu ukuyenda bwinobwino koma?" Sindinamuyankhe, chifukwa miyendo inali itayamba kale kunjenjemera, chonsecho ndinali ndisanathe n'komwe mphindi zisanu.

Chinandifikitsa pamenepo ndi mpira. Ndinabinya kakolo wakumanzere, ndipo ngakhale kutupa kunatha, mwendowo unasiya kundimvera. Kungoponda kamwala basi, ndinkadzandira. Mantha akuti mwina kubwalo sindidzabwererakonso ankandisowetsa tulo. Kuchipatala anandilangiza masewera ophunzitsa thupi kuima mokhazikika, ndiye pofufuza pafoni ndinakumana ndi tai chi.

Anachokera kuti?

Tai chi, kapena kuti taijiquan, ndi wa ku China. Akatswiri ambiri a mbiri amati anayambira m'mudzi wa Chenjiagou m'chigawo cha Henan, m'zaka za m'ma 1600, ngati luso lomenyera nkhondo ndi kudziteteza. Mu 1956 boma la China linakonza ndondomeko yachidule ya mayendedwe 24 kuti aliyense athe kuphunzira, ndipo ndi imene ndinayamba nayo. Mu 2020 bungwe la UNESCO linaika taijiquan pamndandanda wa zikhalidwe zofunika kusungidwa padziko lonse.

Thupi limadziwa bwanji kuti likugwa?

Tayesani izi pafupi ndi khoma. Imani ndi mwendo umodzi, muwerenge masekondi. Kenako bwerezani mutatsinzina. Mwaona kusiyana kwake eti?

Kuti musagwe, ubongo umadalira amithenga atatu. Woyamba ndi maso. Wachiwiri ndi mkati mwa khutu, momwe muli timachubu titatu tokhota tokhala ndi timadzi. Mutu ukatembenuka, timadzito timakankha tizingwe tating'onoting'ono ndipo uthenga umapita ku ubongo. Wachitatu ndi timasensa ta m'minofu ndi m'mfundo za mafupa, timene timanena pamene phazi lili ngakhale musanaliyang'ane. Asayansi amakutcha kumva kumeneku proprioception. Mauthenga onsewa amakumana kumbuyo kwa ubongo, pagawo lotchedwa cerebellum, limene limakonza kaimidwe kanu musanaganize n'komwe. Mukatsinzina mwachotsa mthenga mmodzi, ndiye awiri otsalawo ntchito imawachulukira.

Apa m'pamene ndinamvetsa vuto langa. Munthu akabinya kakolo, timasensa tija timasokonezeka, ndipo uthenga umafika moperewera. Mu tai chi umasamutsa kulemera kwa thupi kuchoka pamwendo wina kupita pa unzake mosathamanga, ndiye ubongo umapeza mpata wophunziranso. Physics nayo ilipo: ukapinda mawondo, centre of gravity imatsika, ndipo ukatangadza miyendo, malo ochirikiza thupi amakula. Kugwa kumavuta. N'chifukwa chake kafukufuku wambiri wa tai chi wachitika pa okalamba, ndipo wasonyeza kuti amachepetsa kugwa.

Nanga kunjenjemera kuja? Minofu yakutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito osapumira pamene mawondo apindika. Kuchedwako n'kumene kumawawa.

Mpweya ndi mtima

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka 20 pamphindi. Mu tai chi umapuma mochedwerapo, mozama, mimba n'kumakwera ndi kutsika chifukwa cha mnofu wa diaphragm. Ukamatulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtsempha wa vagus umauza mtima kuti uchepetse liwiro. Ndi mbali ya parasympathetic ija ya mu Biology, yotsutsana ndi adrenaline amene amakugunditsani mtima woyang'anira mayeso akamagawa mapepala. Mutha kudziyesa nokha: gwirani mtsempha wapadzanja, muwerenge kugunda kwa masekondi 30, muchulukitse kawiri. Pumani mofatsa mphindi zitatu, muwerengenso.

Aphunzitsi a tai chi amakambanso za qi, mphamvu imene amati imayenda m'thupi. Limeneli ndi ganizo la m'chikhalidwe cha ku China, ndipo palibe chipangizo cha sayansi chimene chinaiyezapo. Zimene zimayezeka ndi kugunda kwa mtima, mphamvu ya minofu ndi kukhazikika poima.

Mukafuna kuyamba

Simufunika jezi kapena nsapato zodula. Pezani malo osalala, muyambe ndi mphindi 10. Bondo liziloza kumene zala zaphazi zaloza, ndipo mukamva ululu wobaya, siyani. Ngati munavulala, yambani mwafunsa achipatala. Musatayenso mpira kapena netiboli, chifukwa bungwe la WHO limalangiza kuti azaka 5 mpaka 17 azichita masewera opumitsa befu pafupifupi mphindi 60 patsiku. Tai chi woyamba kumene safika pamenepo.

Mwa mayendedwe 24 aja muli amodzi otchedwa tambala woima ndi mwendo umodzi. Sabata zoyamba ndinkangogwira khoma, kakolo ali gwedegwede. Pano ndimaima ndi mwendo wovulala uja mpaka kuwerenga 30, ndipo Loweruka lapitali ndinasewera chigawo chimodzi cha mpira osadzandira. Mng'ono wanga uja anayesa tambalayo dzulo atatsinzina. Anafika pa 4.