Webusaiti yabwino imayamba yayesedwa pa anthu isanatsegulidwe

Pa 1 Okutobala 2013, boma la United States linatsegula webusaiti yochedwa HealthCare.gov, yoti nzika zizigulirapo inshuwalansi ya zacipatala. Anthu ambirimbiri anayesa kulowapo, koma zikalata zimene nyumba ya malamulo ya dzikolo inaulutsa pambuyo pake zinaonetsa kuti pa tsiku loyamba anthu 6 cabe ndiwo anakwanitsa kulembetsa. Makina analephera kunyamula khamu lonselo, komanso panali vuto la kakonzedwe. Munthu sanali kuloledwa kuona mitengo asanatsegule akaunti, motero ofuna kungoona ndi ofuna kugula anapanikizana pakhomo limodzi.

Nkhani yotere ikukhudzanso dziko lino. Masiku ano munthu angathe kupereka msonkho ku ZRA, kulembetsa kampani ku PACRA kapena kuona zopereka zake ku NAPSA kudzera pa intaneti. Webusaiti iliyonse ikakhala yovuta, mwini foni amatha ndalama zogulira ma bundle, kenako n'kukwera basi kukaima pamzere umene anafuna kuupewa.

Luso lopewera mavuto amenewa limachedwa user experience pa Cingerezi, kapena kuti UX mwacidule. Limaona zonse zimene munthu amakumana nazo pogwiritsa nchito cinthu: ngati wapeza cimene anafuna, nthawi imene yamutengera, ndiponso ngati wacoka ali wokhutira. Amene anachukitsa dzinali ndi katswiri wa ku America, a Don Norman, pamene anali kugwira nchito ku kampani ya Apple kuyambira m'caka ca 1993. Mfundo yawo ndi yakuti anthu ambiri akamalakwitsa pamalo amodzimodzi, mlandu ndi wa wokonza cinthuco, osati wa anthuwo.

Kupenyerera kumaposa kufunsa

Nchito imayamba tsamba lisanajambulidwe n'komwe. Ofufuza amapita kumene anthu ali, kaya ndi mu ofesi, pamsika kapena kunyumba, kukaona mmene amacitira nchitoyo pakali pano. Kufunsa kokha sikukwanira, cifukwa zimene munthu amanena kuti amacita zimasiyana kawirikawiri ndi zimene amacitadi.

Pofuna kudziwa mmene nkhani ziyenera kusanjidwira, ofufuza amalemba mutu uliwonse pa kakhadi, n'kupempha anthu kuti aike makhadiwo m'magulu monga mmene iwo akuonera. Njirayi imavumbula colakwa cofala m'mabungwe aakulu, comwe ndi kusanja webusaiti motsatira madipatimenti a bungwelo. Munthu wofuna laisensi sadziwa dzina la dipatimenti imene imaipereka. Iye amangodziwa kuti akufuna laisensi.

Kenako pamapangidwa citsanzo ca webusaitiyo. Ena amajambula masamba ake pa mapepala, ena amagwiritsa nchito mapulogalamu monga Figma. Ubwino wa citsanzo ndi wakuti kucisintha sikudya ndalama, pamene kusintha webusaiti yomangidwa kale kungatenge miyezi.

Anthu asanu ndi okwanira poyambira

Njira yofunika koposa ndiyo kukhazika munthu pansi, kumupatsa nchito yeniyeni, monga kufuna fomu n'kuilemba, ndi kumupempha kuti azilankhula zimene akuganiza. Wofufuza samuthandiza ndipo samuuza podiniza. Iye amangolemba pamene munthuyo waima, pamene wabwerera m'mbuyo ndi pamene wagwa ulesi. Munthuyo amauzidwa poyamba kuti cimene cikuyesedwa ndi webusaiti, osati nzeru zake.

M'caka ca 2000, katswiri wa ku Denmark, a Jakob Nielsen, anafotokoza kuti anthu 5 amavumbula pafupifupi mavuto 85 pa 100 alionse a kagwiritsidwe nchito ka webusaiti. Cifukwa cake n'cakuti mavuto aakulu amaonekera msanga, ndipo munthu wacisanu ndi cimodzi amangopunthwa pamene anzake apunthwa kale. Iwo analangiza kuti m'malo moyesa pa anthu 15 nthawi imodzi, ndi bwino kuyesa katatu pa anthu asanuasanu, n'kumakonza zolakwika pakati pake. Komabe webusaiti ikakhala yotumikira magulu osiyana, monga alimi ndi ogula mbewu, gulu lililonse liyenera kuyesedwa palokha.

A Nielsen ndi anzawo anagwiritsanso nchito makina otsatira kayendedwe ka maso. Kafukufuku wa mu 2006 wa anthu 232 anaonetsa kuti ambiri sawerenga tsamba lonse. Amawerenga mizere yoyamba, kenako maso amatsetsereka ca kumanzere, n'kupanga cithunzi conga cilembo ca F. Ndiye cifukwa cake uthenga wofunika umaikidwa pamwamba, m'mawu ocepa.

Zimene ziwerengero zinganene

Webusaiti ikatsegulidwa, zida monga Google Analytics zimaonetsa tsamba limene anthu ambiri amasiyirapo ulendo. Palinso kuyesa mitundu iwiri ya tsamba limodzi: theka la alendo limaona mtundu woyamba, theka lina waciwiri, ndipo umene wathandiza ambiri kutsiriza nchito ndiwo umasungidwa. Koma ziwerengero zimangoloza pamene pali vuto. Kuti mudziwe cifukwa cimene anthu akuthawira fomu pa funso lacitatu, muyenera kubwerera kukakhala pambali pa munthu.

Dziko la Britain ndi citsanzo ca boma limene linatsata njirazi. Mu Okutobala 2012 linatsegula GOV.UK, imene pang'ono ndi pang'ono inalowa m'malo mwa mawebusaiti ambirimbiri a maunduna ndi mabungwe a boma. Mfundo yoyamba ya okonzawo inali yakuti ayambire pa zosowa za nzika, osati za boma. Anacotsa mawu ovuta a m'maofesi, anazolowera kufunsa cinthu cimodzi pa tsamba lililonse la fomu, ndipo analimbikitsa aliyense wa m'gulu lokonza kuti azipenyerera anthu akuyesa webusaiti kwa maola osacepera 2 pa milungu 6 iliyonse. Mu 2013 GOV.UK inalandira mphoto ya Design of the Year ku London.

Osasiya wina m'mbuyo

Webusaiti iyeneranso kutumikira anthu olumala. Bungwe la W3C linatulutsa malangizo ochedwa WCAG koyamba mu 1999, ndipo mtundu wa 2.2 unatuluka mu 2023. Mwa zina, malangizowa amati cithunzi cikhale ndi mawu ocifotokoza kuti pulogalamu yowerengera akhungu iwauze cimene cilipo, zilembo zisiyane bwino ndi mtundu wa tsamba, ndipo zonse zitheke ndi kiyibodi yokha popanda mbewa ya kompyuta.

Kwa okonza mawebusaiti m'Zambia, phunziro ndi lakuti ayese pa anthu enieni amene adzawagwiritse nchito. Ambiri amalowa pa intaneti ndi foni, ndipo tsamba lotseguka msanga pa kompyuta ya mu ofesi ku Lusaka lingakane kutseguka pa foni yochipa ku Lundazi kapena ku Chadiza. Fomu yokakamiza munthu kulemba dzina la msewu ndi nambala ya nyumba imatsekera kunja wokhala kumudzi, amene adiresi yake ndi dzina la mudzi ndi la mfumu. Mawu a Cingerezi ca m'maofesi angaimitse munthu amene akanamva bwino m'Cinyanja, m'Cibemba kapena m'Citonga. Zonsezi zingaoneke pa tsiku limodzi, mwa kuitana anthu asanu ndi mafoni awo, webusaiti isanaperekedwe kwa anthu onse.