Dzanja likafa, nkhani ili m'mutu

Mayi wina anabwera ndi amuna awo kuchipinda changa choonera odwala, dzanja lamanja la bambowo lili lende, mawu asakutuluka. Nditanena kuti tijambule mutu, mayiwo anadabwa: “Adokotala, chafa ndi dzanja. Mutu walowapo bwanji?” Kunyumba anali atalithowa dzanjalo masiku awiri, mphini atatema kale.

Funso lawo ndi labwino, ndipo yankho lake lagona pa liwu limodzi: mitsempha. M'Chichewa liwuli timatchulira zinthu ziwiri zosiyana. Pali mitsempha yonyamula uthenga, palinso mitsempha yonyamula magazi.

Yonyamula uthenga ilibe bowo, ili ngati tizingwe toyera. Mapeyala 12 amatuluka mu ubongo mwenimwenimo, ambiri mwa iwo kupita kumaso, kumakutu, kulilime ndi kunkhope. Mapeyala ena 31 amatuluka mu chingwe chodutsa m'kati mwa fupa la msana, n'kufalikira mpaka kuzala zakuphazi. Mukaponda khala lamoto, phazi limadumpha musanaganize n'komwe, chifukwa msana umayankha msanga uthenga usanafike kumutu. Mu mitsempha yothamanga kwambiri, uthenga umayenda mamita oposa 100 pa sekondi imodzi.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti njirazi zimapingasana m'munsi mwa ubongo. Mbali yakumanzere ya ubongo imalamulira thupi lakumanja, ndipo mwa anthu ambiri ndi komwekonso kumachokera kulankhula. N'chifukwa chake bambo aja anataya dzanja lamanja ndi mawu nthawi imodzi. Dzanjalo linali labwinobwino. Umene unasiya kulankhula nalo ndi ubongo.

Nanga unasiyiranji? Njala. Ubongo umalemera makilogalamu 1.4 okha, koma umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wonse umene thupi limagwiritsa ntchito. Ulibe nkhokwe, umadya zimene magazi abweretsa panthawiyo. Magaziwo amakwera kudzera mu mitsempha inayi ya m'khosi, iwiri kutsogolo, iwiri kumbuyo, n'kukalumikizana pansi pa ubongo ngati mkombero, umene dokotala wa ku England, Thomas Willis, anaufotokoza mu 1664. Nthambi imodzi ikatsekeka kapena kuphulika, chigawo chimene imadyetsa chimayamba kufa m'mphindi zochepa. Imeneyo ndiye sitiroko.

Kumudzi ena amati munthu wamenyedwa hamala. Ndimamvetsa, pakuti matendawa amagwa ngati mphezi, munthu ali bwinobwino akulima kapena akudya nsima. Koma ife tikayeza, kawirikawiri timapeza BP imene yakhala ikuwononga mitsempha mwakachetechete kwa zaka. Shuga, fodya ndi mchere wochuluka zimathandizira kuwonongako.

Tsono pempho langa ndi ili. Mukaona pakamwa papindikira mbali imodzi, dzanja kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, lilime likulemera, musadikire kuti kuche. Musamumwetse kanthu wodwalayo chifukwa angatsamwe. Thamangani naye kuchipatala. Ndipo inu amene muli bwino lero, kayezetseni BP ngakhale mutu usakupweteka. Ngati munapatsidwa mankhwala ake, musasiye kumwa poti mwapezako bwino.

Bambo aja anakhala miyezi akuchita mafizo. Tsiku lina anabweranso, n'kundipatsa moni ndi dzanja lomwe lija. Linali lisanalimbe kwenikweni, koma linandigwira.